Maphunziro a pa intaneti akundisiya m'mbuyo: ndisiye kapena pali njira?

Funso lachokera kwa mayi wina wophunzitsa pa sukulu ya pulayimale kunja kwa Chipata, chakumsewu wa ku Lundazi. Akuti: "Ndili pa banja ndipo ndili ndi ana atatu. Chaka chino ndinalembetsa digiri yophunzira ndili pakhomo, ndipo zambiri zimachitikira pa intaneti. Laputopu ndilibe, zonse ndimachitira pa foni. Bandulo ya mwezi ikumatha sabata imodzi chifukwa cha Zoom, malaiti amapita nthawi ya kalasi, ndipo maasainimenti awiri andidutsa kale. Kodi ndingosiya?"

Amayi, musasiye. Maasainimenti awiri si chaka chonse, ndipo pa zonse mwatchulazi palibe chosonyeza kuti mutu wanu wakana sukulu. Chavuta n'chakuti maphunziro a pa intaneti mukuwayendetsa ngati kalasi ya masiku onse, yoti belu likalira mulowe, mumvetsere, mutuluke. Kalasi yotero imafuna kuti malaiti, netiweki, bandulo ndi mpata wanu zikumane pa ola limodzi, ndipo kwathu kuno zinayi zimenezi sizikumana kawirikawiri. Amene amafika kumapeto ndi aja amatutiratu zophunzira zonse n'kuzisunga m'foni pamene netiweki ili bwino, kenako n'kumawerenga pa nthawi yawo atazimitsa data. Kalasi ya Zoom ikhale ndiwo chabe. Nsima yake ndi zimene mwasunga kale.

Koma tiyambe tazima moto umene wayaka. Lero lomwe, tsegulani chikalata chofotokoza kosi, chimene aphunzitsi amapereka temu ikamayamba, muone maasainimenti awiriwo ali ndi mamakisi angati pa 100. Masukulu ambiri amagawa mamakisi pawiri: ena amachokera ku ntchito za mkati mwa temu, zija amati CA, ena ku mayeso otsiriza. Pali masukulu amene salola munthu kulowa m'chipinda cha mayeso ngati CA yake ili yoperewera, ndiye muyenera kudziwa lamulo la sukulu yanu musanaganize china chilichonse. Mukatero lemberani mphunzitsi wa kosi iliyonse payekha, pa imelo, osati pa gulu la WhatsApp pamene uthenga wanu udzakwiririka ndi mauthenga ena 200. Pamutu pa imelo ikani nambala ya kosi ndi nambala yanu ya wophunzira, ija ena amati kompyuta namba. M'katimo mukhale mizere isanu yokha: ndinu ndani, ntchito iti yakudutsani, chifukwa chake mwachidule, tsiku lenileni limene mungaipereke, ndi pempho loti ailandire ngakhale atadulako mamakisi. Ngati mwalembako masamba awiri, atumizeni pamodzi ndi imeloyo. Mphunzitsi amene ali ndi ophunzira mazanamazana sachedwa kuvomera munthu wobwera ndi tsiku komanso ntchito yooneka. Nkhani yaitali ya mavuto yopanda tsiku imamusiya alibe choti ayankhe. Pakapita masiku atatu kuli zii, lembaninso, ndipo dziwitsani woyang'anira pulogalamu yanu.

Tsopano bandulo, pakuti ndi pamene ndalama zanu zikuthera. Masamu ake ndi awa. Intaneti ikamayenda pa liwiro la 1 Mbps kwa ola lathunthu, imadya 450 MB. Kalasi ya Zoom ya anthu ambiri, makamera ali oyatsa, imafuna liwiro loyandikira pamenepo kuti mulandire zithunzi za anzanu, ndipo kamera yanu ikayaka imawonjezera pomwepo. N'chifukwa chake ola limodzi limatha kudya 500 MB mpaka 1 GB. Tiyerekeze kuti muli ndi makalasi atatu a maola awiriawiri pa sabata: maola 6 pa 700 MB ndi 4.2 GB, ndipo pa mwezi mukuyandikira 17 GB. Pamene mawu okhaokha safika ndi 50 MB pomwe pa ola, ndipo mukaphatikiza zolemba zimene aphunzitsi akuonetsa pa sikirini, nthawi zambiri zimathera cha m'ma 100 MB. Maola 6 omwe aja asanduka 600 MB. Ndiye kuti ndalama zanu zambiri mukulipirira nkhope za anzanu a m'kalasi, osati phunziro.

Mukalowa m'kalasi, zimitsani kamera yanu, ndipo mu Zoom fufuzani pamene palembedwa Stop incoming video. Mawu ndi zolemba za aphunzitsi zimapitirira, nkhope zokha n'zimene zimachoka. Ngati kalasi ili pa Google Meet, yatsani Limit data usage m'masetini. Aphunzitsi ena amafuna kuona nkhope poitana mayina. Yatsani kamera mphindi imeneyo, muyankhe, muzimitsenso.

Pali akuba ena a data amene sagogoda. Mu WhatsApp, letsani kuti zithunzi ndi mavidiyo zizidzidawuniloda zokha, chifukwa gulu la kalasi, la mpingo ndi la pachibale onse akukutumizirani katundu amene simunapemphe. Mu Play Store, sankhani kuti mapulogalamu azikonzedwanso pa Wi-Fi pokha. Google Photos nayo imatha kumatumiza zithunzi zanu pa intaneti mwakachetechete. Iletseni kugwiritsa data ya foni. Yatsani Data Saver ya foni. Vidiyo ya YouTube ya munthu wongolankhula ionereni pa 240p kapena 360p; 720p isungireni pamene akulemba masamu ang'onoang'ono pa bolodi. Ndipo tsiku limene mudzabwereke laputopu n'kuilumikiza ku hotisipoti ya foni yanu, yambani mwauza Windows kuti netiwekiyo ndi Metered connection, kutanthauza ya data yowerengera. Mukapanda kutero idzayamba kudzikonza yokha, ndipo bandulo yonse ikhoza kupita musanatsegule n'komwe tsamba la sukulu.

Kagulidwe nakonso. Bandulo yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook siitsegula Zoom kapena Moodle, tsamba limene masukulu ambiri amaikapo maphunziro ndi kulandirirapo ntchito, ndipo ambiri amadabwa kuti data ilipo koma tsamba la sukulu likukana. Makampani amagulitsanso mabandulo a usiku otsika mtengo. Onani maola ake pa netiweki yanu, chifukwa amasiyana ndiponso amasintha. Imeneyo ndiyo nthawi yokolola. Sankhani usiku umodzi pa sabata, tinene Lachisanu, mudawunilode zonse za sabata yotsatira: manotsi a PDF, mavidiyo ojambulidwa a kalasi, mafunso a asainimenti, mapepala a mayeso akale. Ngati sukulu yanu ili pa Moodle, ikani pulogalamu ya Moodle ya pa foni. Imalola kusunga zigawo za kosi kuti muziziwerenga data itazima. Fayilo iliyonse itseguleni muione kuti yatsikadi yathunthu musanagone, kenako muiike m'foda ya kosi yake. Mafayilo ongosiyidwa mu Downloads ndi mayina ngati document 7 adzakusowani tsiku limene mukuwafuna. Kadi ya memori ya 32 GB ndi yokwanira temu yonse. Bandulo ya sukulu ikhale pa simu yake, ndipo musaibwereke ana kuti aonereko makatuni. Mukatero simudzadziwa chimene chikuidya.

Za netiweki, musadalire zimene kampani ikunena, dalirani zimene khonde lanu likunena. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mukangotuluka m'tauni, MTN, Airtel ndi Zamtel zimasinthana mphamvu kuchokera pa mudzi uwu kufika pa mudzi winawo. Tengani masimu awiri a makampani osiyana, muwayese pa malo atatu kapena anayi: pazenera la kuchipinda, pakhonde, mu ofesi ya pasukulu, pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Yesani m'mamawa ndi madzulo, chifukwa madzulo anthu ambiri amakhala pa intaneti ndipo liwiro limatsika. Timizere ta netiweki tikhoza kudzaza koma intaneti osayenda. Choyesera chenicheni ndi kutsegula tsamba la sukulu n'kudawuniloda fayilo imodzi. Mukapeza malo abwino, amenewo ndiwo malo anu otumizira ntchito ndi kulembera timayeso.

Malaiti tinawaona bwino m'chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinkalandira magetsi maola ochepa chabe pa tsiku. Phunziro lake linali lakuti malaiti akapita nthawi yaitali, nsanja za netiweki nazo zimafooka mabatire ake akatha. Pawabanki yokha siikupulumutsani ngati zophunzira zili pa intaneti osati m'foni mwanu. Pogula pawabanki, dziwani kuti nambala yolembedwa pabokosi siifika yonse ku foni. Gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika m'njira. Ya 20,000 mAh imadzaza foni ya batire ya 5,000 mAh kawiri ndi theka, ndipo ya 10,000 mAh kamodzi n'kutsalako pang'ono. Yotchipa kwambiri, yopepuka m'manja koma yolembedwa nambala yaikulu, ikayikireni. Malaiti akangobwera, choyamba kulowa pa soketi ndi foni ndi pawabanki. Onjezani nyale ya sola ya pathebulo ndi mahedifoni a waya. Mahedifoniwo mudzawayamika mu Januwale, mvula ikamaomba pa malata mpaka mawu a aphunzitsi osamveka.

Kulemba mawu 2,000 ndi zala ziwiri pa galasi la foni kumatopetsa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amazengerezera. Simukufunika laputopu msanga. Kiyibodi wamba ya USB ndi kachingwe ka OTG, koilumikizira ku foni, zimasandutsa mafoni ambiri a Android kukhala makina olembera; tengani foni yanu kushopu mukayesere pomwepo musanalipire, chifukwa si foni iliyonse imavomera, ndipo pena OTG imafuna kuyatsidwa m'masetini. Kiyibodi ya Bluetooth nayo imagwira. Foni muitsamiritse pa mulu wa mabuku, mulembere mu Google Docs, Word kapena WPS Office, zimene zimatha kugwira ntchito popanda data. Ngakhale zili tero, maganizo anu yambani mwawayala pa pepala ndi bolopeni. Potaipa muzingokopera ndi kukonza.

Apa pali msampha umene wagwetsa anthu amene ntchito anaigwira bwinobwino. Pa Moodle, kuika fayilo n'kudina Save changes nthawi zina sikutumiza. Ngati aphunzitsi anakonza kuti pakhale batani lachiwiri, ntchito yanu imangokhala Draft mpaka mutadina Submit assignment. Musachoke pa tsambalo musanaone mawu akuti Submitted for grading, ndipo jambulani sikirini pamene pakuoneka tsiku ndi nthawi. Chithunzi chimenecho ndicho mboni yanu pakabuka mkangano. Tumizani mtundu wa fayilo umene anapempha. Ngati sananene, PDF ndiyo siisokonekera ikatsegulidwa pa makina ena. Dzina la fayilo likhale nambala yanu, nambala ya kosi ndi nambala ya asainimenti. Ntchito yolemba pamanja musaitumize ngati zithunzi khumi zomwazika. Pulogalamu ya Google Drive ili ndi sikana imene imasonkhanitsa masamba onse kukhala PDF imodzi. Jambulirani panja pamthunzi, pepala lili pansi mosapindika. Fayilo ikakanidwa, kawirikawiri imakhala yaposa kukula kumene sukulu inaloleza, ndiye ichepetseni. Tumizani kukadali masiku awiri. Usiku womaliza kalasi yonse imathamangira pakhomo limodzi, tsamba la sukulu limalemedwa, ndipo malaiti akasankha usiku umenewo mulibenso pothawira.

Timayeso ta pa intaneti tili ndi khalidwe lake. Wotchi yake imawerengera ku makina a sukulu, kotero netiweki ikaduka nthawi imapitirirabe kutha. Musayambe batire ili pansi pa theka kapena data yotsala ili yokayikitsa. Dziwaninso kuti pa mafoni ambiri a masimu awiri, munthu akaimba pa simu inayo intaneti imaima mpaka atadula, ndipo ngakhale pa simu yomweyo liwiro limatha kugwa. Uzani a pakhomo kuti ola limenelo asakuimbireni, simu yachiwiriyo muyambe mwaizimitsa. Zikadukabe, jambulani sikirini, lowaninso msanga, ndipo lemberani aphunzitsi nthawi yomweyo, osati mawa.

Zonse tanenazi n'zida. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ogwira ntchito ndi katundu wopitirira mphamvu, ndipo pano pakufunika kunena zoona. M'ndondomeko ya maphunziro apamwamba, kirediti imodzi imawerengedwa ngati maola 10 a ntchito ya wophunzira, kuphatikiza kalasi, kuwerenga, kulemba ndi mayeso. Kosi ya makirediti 15 ndi maola 150. Igaweni pa masabata 15, ndi maola 10 pa sabata. Makosi anayi otero ndi maola 40, ntchito yathunthu ya munthu amene alibe kalasi ya ana 60 yomudikira m'mawa. Tsopano werengani maola anu enieni. Kuyambira 04:30 mpaka 06:00, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi maola 7 ndi theka. Ola limodzi mukaweruka, muli pasukulu pomwepo musanapite kunyumba, masiku anayi, ndi maola 4. Loweruka m'mawa maola 4, Lamlungu masana mukachoka kutchalitchi maola 2. Zonse pamodzi ndi maola 17 ndi theka. Amenewo ndi pafupifupi makosi awiri, kapena atatu ngati ena ali opepuka. Ngati mwasenza oposa pamenepo, funsani ku ofesi ya sukulu ngati n'kotheka kuchepetsa makosi kapena kuimitsa ena mwalamulo, ndipo funsani tsiku lomaliza lochitira zimenezo. Kuimitsa ndi chilolezo cholembedwa n'kosiyana kutali ndi kungosowa: wongosowa amalembedwa kuti walephera, ndipo ngongole ya fizi imamutsatirabe. Kumaliza digiri mochedwerako ndi chaka chimodzi si manyazi. Kubwereza makosi anayi n'kulipira kawiri.

Taika m'mamawa patsogolo dala. Madzulo mayi wa ana atatu amene waimirira tsiku lonse pa bolodi, waphika, wasambitsa wamng'ono, amangoyendetsa maso pa tsamba mutu uli kutulo. Ola ndi theka la mbandakucha, nyumba ili chete, limaposa maola atatu a usiku. Koma ndiye muzigona 21:00 ikamakwana. Kudzuka 04:30 mutagona pakati pa usiku kumangogwira sabata imodzi, yachiwiri thupi limakana.

Tengani kalendala ya pakhoma, ija ya mapepala akuluakulu, mulembepo masiku onse operekera ntchito a makosi onse ndi bolopeni yofiira, koma tsiku lililonse mulibweze m'mbuyo ndi masiku awiri. Ndi bolopeni ina lembani za moyo wanu zimene mukuzidziwa kale: sabata yochonga mayeso ndi kulemba malipoti temu ikamatha, kubzala mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kupalira, kukolola, ulendo wa ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale kapena wa ku Mkaika mu Ogasiti ngati mumapita, masabata okakhala kusukulu yanu pa tchuthi. Pamene zofiira zagundana ndi zinazo, ntchitoyo iyambike masabata awiri m'mbuyo. Maliro salembedwa pa kalendala, ndipo palibe angakuuzeni kuti musapite. Masiku awiri mwasunga aja ndi a zimenezo. Asainimenti musamailembe pa kalendala ngati chinthu chimodzi. Iduleni: Lolemba kumvetsa funso n'kudula mzere pansi pa mawu olamula, monga fotokozani, yerekezerani, unikani, Lachiwiri ndi Lachitatu kuwerenga n'kulemba mfundo pamodzi ndi dzina la buku ndi tsamba, Lachinayi kuyala ndime, Loweruka kulemba, Lamlungu kukonza. Munthu sazengereza kuwerenga masamba 6, amazengereza "kulemba asainimenti". Ngati kosi ina ikuchokera kunja kwa dziko, samalani ndi wotchi: Johannesburg ili pa nthawi imodzi ndi ife, Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, London ili m'mbuyo ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala imatsalira ndi ola limodzi lokha.

Tifike pa kuphunzira kwenikweniko. Kuonera vidiyo ya ola lathunthu mukugwedeza mutu kumanyenga. Zonse zimamveka pamene mwini wake akulankhula, koma mawa lake m'mutu mulibe kanthu. Inu nomwe mumaziona kwa ana anu: onse amati "tamva, madamu", koma mukafufuta bolodi n'kufunsa, manja amakwera atatu. Dzichiteni zimene mumawachita iwo. Onerani mphindi 10 kapena 15, imitsani, tembenuzani foni chafufumimba, ndipo lembani m'kope zimene mwagwira osasuzumira. Kenako bwererani muone zimene mwasiya, muzilembe ndi bolopeni ya mtundu wina. Zolembedwa ndi mtundu winawo ndizo zofunika kubwereza. Kumapeto kwa phunziro lililonse pangani mafunso atatu, muwalembe kumasamba a kumbuyo kwa kope, mayankho ake kwina. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, anasonyeza kale mu 1885 kuti zimene taphunzira zimatayika msanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndi kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumachepetsa kuiwalako. Ndiye mafunso anuwo ayankheni mawa lake, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Mphindi 15 zoyambirira za m'mawa uliwonse zikhale za mafunso akale musanatsegule zatsopano.

Mfundo ikakuvutani m'Chingerezi, ifotokozeni mokweza m'Chinyanja, ngati mukuuza mphunzitsi mnzanu pa nthawi yopuma. Pamene lilime lakakamira ndi pamene simunamvetse. Mukhoza kudzijambula mawu pa foni, mphindi zitatu pa mutu uliwonse, n'kumamvetsera mukuchapa kapena mukuyenda kupita kuntchito. Ndipo popeza masukulu ambiri amalembetsabe mayeso otsiriza pamanja, m'chipinda, woyang'anira ali pomwepo, mwezi womaliza muziyankha mapepala akale ndi bolopeni wotchi ili patsogolo, kuti dzanja lizolowere kulemba maola atatu.

Kalasi ya pompopompo musaitaye, koma ipatseni ntchito yake. Phindu lake ndi kufunsa. Lowani mutawerenga kale, muli ndi funso limodzi kapena awiri olembedwa, ndipo muwaike pa malo olembera uthenga kalasi ikangoyamba, netiweki isanakutayeni. Funso likhale lolunjika: osati "sindinamve mutu 3", koma "pa tsamba 14, njira iyi ikusiyana bwanji ndi ya pa tsamba 11?" Safunsa anadya phula, ndipo pa intaneti mphunzitsi saona nkhope yosokonezeka kumbuyo kwa kalasi, amadziwa okhawo amene alankhula. Pemphani, kudzera kwa woimira kalasi, kuti maphunziro azijambulidwa ndi kuti manotsi azitumizidwa kalasi isanayambe. Ngati sukulu imawerengera mamakisi pa kupezeka m'kalasi kapena kulemba pa bwalo la zokambirana la kosi, musaphonye. Ndi mamakisi osavuta kutola.

Gulu lalikulu la WhatsApp lisiyeni likhale la zidziwitso, ndipo mphekesera iliyonse yoti tsiku lasintha muitsimikize pa tsamba la sukulu. Chimene mukufunika ndi kagulu ka anthu atatu mpaka asanu a kosi yanu, makamaka amene mungakumane nawo pamaso m'tauni kamodzi pa masabata awiri. Mutu umodzi susenza denga, komanso bandulo imodzi ikhoza kudyetsa anthu asanu: mmodzi adawunilode vidiyo, enawo atenge pa Bluetooth, Quick Share kapena fulashi, sabata yamawa adawunilode wina. Pokumana aliyense abwere ataphunzira gawo lake kuti aphunzitse anzake. Gawanani manotsi, mafunso ndi maganizo. Musagawane asainimenti yolembedwa kale. Masukulu ambiri amadutsitsa ntchito mu Turnitin, imene imayerekezera zolemba zanu ndi za pa intaneti komanso za ophunzira ena, ndipo zikafanana, wokopera ndi wokoperedwa onse amalowa m'madzi. Aja amalengeza kuti amalembera anthu maasainimenti pa mtengo wakuti, nthawi zambiri ntchito imodzi amaigulitsa kwa anthu angapo. ChatGPT ndi anzake akhoza kukufotokozerani mfundo yovuta m'mawu osavuta kapena kukufunsani mafunso oyeserera, koma amatha kupeka mayina a mabuku amene kulibe, ndipo amatero molimba mtima. Werengani lamulo la sukulu yanu pa nkhaniyi, ndipo musatchule buku limene simunalitsegule ndi maso anu.

Za pakhomo sitingazilumphe. Munthu wogwira buku anthu amamulemekeza, koma wogwira foni amaoneka ngati akungocheza, ndiye mwana amabwera ndi homuweki, aneba ndi nkhani, alendo ndi moni wautali. Khalani pansi ndi abambo a kunyumba ndi ana okulirapo, muwaonetse kalendala ija, risiti ya fizi ndi chaka chimene mudzamalize. Pemphani zinthu zotchulika: Loweruka mpaka 12:00 wina aphike ndi kuyang'anira wamng'ono, madzi atungidwe madzulo a Lachisanu. Kope lotsegula ndi mahedifoni m'makutu zikhale chizindikiro choti amayi ali m'kalasi. Kukhalira kusukulu ola limodzi mutaweruka kumathandiza pa chifukwa chomwechi: mukangoponda pakhomo, ndinu a aliyense. Adziwitseninso ahedi anu za masiku a mayeso temu ikamayamba, polemba kalata, kuti chilolezo chisadzakhale chopempha usiku.

Chinthu china chimene mwina munachita kale, koma ngati ayi chitani musanalipire gawo lotsatira la fizi: tsimikizani kuti sukulu yanu ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba mu Zambia, ndi kuti pulogalamu yanuyo payokha ndi yovomerezeka, chifukwa ziwirizi n'zosiyana. Maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso amayang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo pepala lochokera kunja kwa dziko limafunika kuunikidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Inu monga mphunzitsi funsaninso ku Teaching Council of Zambia ngati digiriyo idzalandiridwa pa ntchito yanu. Fizi muzilipira ku akaunti ya sukulu yokha, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo risiti iliyonse muijambule n'kudzitumizira pa imelo.

Sabata ino musayese kukonza zonse. Madzulo ano tumizani maimelo awiri aja ndi kutseka mipata ya data m'foni. Mawa pa nthawi yopuma yesani masimu pa malo anayi. Lachisanu usiku kololani za sabata yamawa. Loweruka m'mawa, data itazima, yambani ndi asainimenti imene ili ndi mamakisi ambiri mwa ziwirizo, ngakhale aphunzitsi asanayankhe, ndipo musadzuke pampando musanalembe ndime zitatu zoyamba pa pepala. Mukapita m'tauni kukatenga malipiro, nyamulani foni mukayese kiyibodi ndi kachingwe ka OTG, ndipo kalendala ya pakhoma muigule ulendo womwewo.